Mphindi Khumi ndi Zisanu

Ku Tampere dzuwa la Disembala ndi mlendo wamanyazi,
limasuzumira mochedwa, 3 koloko isanakwane latsanzika kale.
Lachinayi lililonse ndimasasa chipale chofewa m'mapewa
n'kukwera masitepe a chipatala.

Aulikki safunsa kuti ndamwa mabotolo angati.
Amenewo ndinawerengera kale madokotala, apolisi,
ndi Tuovi asanalongedze katundu wake.
Iye amafunsa za kamphindi kaja
dzanja lisanakhudze chitsekerero.
"Reijo, munali ndi ndani m'khitchini?"
"Ndekha."
"Ganizaninso. Munali ndi ndani?"

Panadutsa milungu isanu ndisanalimve funsolo.

Zaka makumi atatu pafakitale ya mapepala
ndinkadziwa mayankho awiri okha: ndili bwino, ndatopa.
Makina akalira mwachilendo ndinkaloza nati yomwe yakhwepa
ndisanayale n'komwe masipanala,
koma chifuwa changa chikayamba kukwekwesa
ndinkangochithira mowa ngati oyilo.

Tsopano ndikuphunzira mayina, nkhalamba ya sitandade wani.
Chija chobwera Lamulungu madzulo foni ikangoti zii
ndi kusungulumwa.
Chija chotentha m'makutu mnyamata wa kubanki
akamandilankhula pang'onopang'ono ngati wogontha
ndi manyazi.
Pali china chopanda dzina.
Chimanunkha ngati jekete lonyowa la malemu bambo anga
ndipo chimalowa osagogoda.
Aulikki akuti tisachithamangire.

Tsiku lina analoza pawindo, pamene pamaima mabasi.
"Ludzu lanu lili ngati iyo," anatero.
"Imafika, imatsegula zitseko, imadikira.
Mukapanda kukwera imatseka n'kumapita."
"Nanga ikabwera ina?"
"Idzabwera ndithu. Nayonso ili ndi nthawi yonyamukira."
Anandipatsa kope la chikuto chobiriwira:
lembani amene wabwera, dikirani mphindi khumi ndi zisanu.
Zikatha, chitani zimene mukufuna.

Lachiwiri ndinakwera.

Inkeri anatumiza chithunzi: mdzukulu wanga akuzimitsa makandulo anayi,
onse ali patebulo,
pampando wa pafupi ndi windo pali bambo wina wa sweta yofiira.
Ndinalemba kuti nsanje. Ndinafufuta.
Ndinalemba kuti chisoni, pensulo inathyoka.
Ndinayang'anitsitsa wotchi ya pachitofu
mphindi zisanu ndi zinayi,
kenako ndinavala nsapato.

Lero ndaulula zonse, maso ali pansi,
pamadzi akuda amene nsapato zanga zasiya pakapeti.
Ndimadikira mawu aja ndawamva moyo wanga wonse,
akuti mphini yobwereza, akuti munthu wosamva.
Iye wangotsegula kope, n'kubwerera masamba angapo m'mbuyo.
"Mwezi watha zinali mphindi ziwiri," watero.
"Ndipo tsamba ili munalisiya loyera.
Lachiwiri munadziwa amene anabwera."

Sindinayankhe. Kukhosi kunali chinthu
chimene sichinali ludzu.

Pobwerera ndadutsa pasitolo ija.
Imawala kuposa tchalitchi, ndipo mtsikana wa pakauntala amandidziwa dzina.
Sindinganame kuti sindinachepetse liwiro.
Ndaima, ndawerenga mitengo yonse ya pawindo,
mpaka zala zanga zachita dzanzi m'magolovesi.
Ndagula buledi pasitolo yoyandikana nayo.

Tsopano ndi usiku. Mapaipi otenthetsa nyumba akung'ung'udza.
Foni ili chafufumimba patebulo, chithunzi chija chikadali momwemo,
sindinayankhe, sindinafufute.
Ndipo ndikumva fungo lija, ubweya wonyowa ndi fodya,
laima kumbuyo kwanga pafupi ndi sinki.

Ndateleka ketulo.
Ndasongola pensulo ndi mpeni wa buledi.
Ndakoka mpando wachiwiri, uja wa mwendo wogwedera.

Khala pansi, ndikuchiuza.
Wotchi ikuti 9:40.
Wakhala ukundiperekeza kuyambira ndili mnyamata
ndipo sindinakufunsepo n'kamodzi komwe.
Dzina lako ndani?